Aphunzitsi Galu

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1906, dzuwa likuswa mtengo, mzungu wina anakhala pa masitepe otsikira m'ngalande ya kuseri kwa msika wa nsomba muno mu Bangkok. Pamiyendo anali ndi bokosi la vayolini, choimbira chake cha nsambo, pambali mtolo wa mapepala womanga ndi chingwe. Ntchito inali itatha m'mawa womwewo, ndipo popeza chipinda chimene ankagona chinali cha sukulu, nachonso chinapita limodzi ndi ntchitoyo. Opalasa mabwato akamadutsa ankakodolana, wina n'kuuwa ngati galu, ngalande yonse n'kufa ndi phwete.

Dzina lake linali Alwin Korte, Mjeremani wa zaka makumi atatu ndi zinayi. Koma dzina limenelo ndi la m'mapepala chabe. Kuno timamudziwa kuti Aphunzitsi Galu, ndipo masiku ano timalitchula monyadira. Inu amene mwagwa chagada pamaso pa anthu, amene mukuyenda mozemba kuopa kusekedwa, tcherani khutu.

Alwin anabadwira m'katauni kena kozizira kumpoto kwa Jeremani, mwana wa kalipentala. Anayamba kupeka nyimbo asanamere ndevu, ndipo anapeka zambiri, zodzaza sutikesi. Vuto linali limodzi: panalibe nyimbo yake imene inaimbidwapo kawiri. Kwaya inkaimba kamodzi pomupatsa ulemu, anthu n'kuwomba m'manja mwaulesi, mawa lake pepala lija n'kukalipeza kwa ogulitsa nyama atakulungira soseji.

Munthuyu sankalota chuma kapena mendulo ayi. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, ndipo ankachiuza aliyense amene wamupatsa khutu: kuti tsiku lina adzamve munthu wosamudziwa akuimba nyimbo yake ali pa ntchito, popanda womutuma.

Atatopa ndi kwawo, analowa ntchito yosangalatsa apaulendo m'sitima yapamadzi. Sitimayo itakocheza kuno, anamva kuti sukulu ina ya atsikana ikufuna mphunzitsi wa nyimbo. Anatsika, osakweranso.

Miyezi isanu ndi umodzi zinthu zinayenda. Chilankhulo chathu ankachidziwa pang'ono, chogulira nthochi, chothandizidwa ndi manja. Kenako linayandikira tsiku lopereka mphoto, ndipo mlendo wolemekezeka anali Mayi Sangwan, mayi wa ku banja lalikulu amene anapereka malo ndi nyumba zonse za sukuluyo. Akulu a sukulu analemba mawu olandirira mlendo, achidule: "Bwerani, mayi wathu, bwerani." Anamupatsa Alwin kuti awaveke nyimbo.

Apa ndiye pagona nkhani. Inu muli ndi mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wofunsa pamsika, ndipo khutu lanu siliisokoneza. Ifenso tili ndi kaliwu kakuti ma. Mukakanena mosakweza, mosatsitsa, mwati bwera. Mukakanena pamwamba, mwati hatchi. Mukakayambira pansi n'kukakweza ngati mukufunsa funso, mwati galu.

Alwin zimenezi sankazidziwa. Kwawo anamuphunzitsa kuti nyimbo ya chimwemwe imakwera, ndiye kaliwu kaja anakanyamula bwinobwino kuchokera pansi mpaka kudenga. Atsikana makumi anayi a m'kwaya anamva vutolo tsiku loyamba lomwe. Koma mwana wa kuno angauze mphunzitsi kuti mwalakwitsa? Ankangomwetulira, kugwira pakamwa, kuyang'ana pansi. Iye poona mano ankati nyimbo yawakomera. Akulu a sukulu atapempha kuti aimveko, anawakaniza, ati ikhale mphatso yodzidzimutsa. Paja safunsa anadya phula.

Yodzidzimutsa inalidi. Mayi Sangwan atakhala pampando, makolo atadzaza holo, Alwin anakweza dzanja, ndipo mawu okoma ngati uchi anamveka mpaka kumsewu: "Galu, mayi wathu, galu!" Katatu konse. M'holo munangoti zii. Alwin anatembenuka n'kuwerama mwaulemu, poyesa kuti anthu asowa chonena chifukwa cha kukoma. Poweramuka anangoona msana wa Mayi Sangwan ukutuluka pakhomo.

Mawa lake akulu a sukulu anamuuza, akumwetulira, kuti sukulu sikufunanso maphunziro a nyimbo. Chifukwa chake sanamuuze. Ajeremani anzake amalonda, atamva, anamulangiza kuti akwere sitima ya Lachisanu abwerere kwawo, poti chilankhulo cha anthu awa, ati, sichiimbika. Ndi momwe munthu anapezekera pa masitepe paja, dziko lonse likumuseka, mwini wake osadziwa chimene walakwa.

Ali chikhalire, panakocheza kabwato ka Mayi Lamiat, mayi wamasiye wa zaka makumi anayi amene ankagulitsa phala la mpunga m'ngalandemo. Anali mayi wa pakamwa posagona, woti ngakhale apolisi ankamupatukira. Anamuyang'ana mzungu uja kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Ndinu Aphunzitsi Galu aja? Agalu a kuno amadya. Inu mwadya?"

Alwin anapukusa mutu. Mayi uja anamupakulira phala m'mbale, n'kuswerapo dzira. Atameza kangapo, Alwin anafunsa m'chilankhulo chake chothyokathyoka chimene anthu akumusekera. Mayi Lamiat anagwira m'chiuno. Sanakhulupirire kuti tauni yonse yaseka munthu popanda ndi mmodzi yemwe womumasulira.

Analoza galu wogona pansi pa mlatho, nati ma. Analoza hatchi yokoka ngolo pamwamba pa mlathowo, nati ma. Anamukodola ndi dzanja, natinso ma. Alwin anati akumva liwu limodzimodzi. Mayi uja anabwereza, mokalipa tsopano. Ndipamene Alwin anachita chinthu chokhacho chimene ankachidziwa padziko: anatulutsa vayolini n'kuyamba kutsata mawu a mayiyo ndi chala pachingwe. Liwu loyamba chala chinayambira pansi n'kukwera. Lachiwiri chinakhala pamwamba. Lachitatu sichinasunthe.

Apo ndi pamene Alwin anamvetsa. Anakumbukira dzanja lake likukweza atsikana aja, anakumbukira mmene anaweramira monyada, manyazi n'kumugwira mpaka kuphazi. Kenako anati chapansipansi, "Ndiye kuti inu mumakhala mukuimba kale musanayambe kuimba."

"Ife timangolankhula," anatero Mayi Lamiat akutsuka mbale m'ngalande. "Inuyo ndi amene simumva."

Tangoganizani. Munthu amene anathera zaka makumi awiri akunola khutu, wogulitsa phala n'kumuuza kuti ndi gonthi. Wina akanapsa mtima. Alwin zinamupweteka, osanama, koma anadziwa kuti mayiyo wanena zoona, ndipo anali woyamba kumuuza zoona chifikireni m'dziko lino. Sitima ya Lachisanu inanyamuka popanda iye.

Anapempha Mayi Lamiat kuti aziwapalasira bwato, iwo azimuphunzitsa kumva. Anavomera, ati bola asawagwetsere mphika m'madzi. Mlamu wawo wokhoma mabwato anamupatsa pogona kuseri kwa shedi, pakati pa matabwa. Sabata yoyamba manja oimbira vayolini aja anatuluka matuza. Azungu anzake akamuona ali ndi nkhafi ankatembenuza nkhope, ana a m'mbali mwa ngalande ankamuuwa, iye ankangopalasa.

M'thumba ankayenda ndi pensulo. Wogulitsa makala akaitana, iye ankalemba kuitanako m'manotsi, zizindikiro zolembera nyimbo. Amayi awiri akamatukwanizana pa nkhani ya bakha, iye ali pomwepo, kulemba. Mmonke wa kukachisi akamadalitsa anthu, mwana akamalirira nzimbe, woledzera akamakana kuti sanaledzere, zonse zinkalowa papepala. Zaka zitatu zathunthu munthu wopeka nyimbo sanapeke nyimbo ndi imodzi yomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale.

Atayambanso kupeka, anadziikira lamulo limene sanaliphwanye mpaka imfa. Mawu aziyamba, nyimbo izitsatira. Mayi Lamiat ankanena mawuwo katatu: mofatsa, mokwiya, ndiponso ngati akuitana munthu wa kutsidya. Alwin ankajambula njira imene mawuwo ayenda, ndipo nyimbo inkayenera kudutsa m'njira yomweyo. Akamaliza ankaimba, mayiyo n'kunena chimene wamva.

Mayeso ake anali opanda chifundo. Tsiku lina anaimba ya mnyamata wotamanda bwenzi lake, Mayi Lamiat n'kufunsa ngati mtsikanayo ndi wokongola kapena watsoka, poti kuno mawu awiriwo amangosiyana kakwezedwe, ndipo iwo amva watsoka. "Ng'ambani, Aphunzitsi Galu. Mukwatitsa mwana wa eni ndi matemberero." Anang'amba. Kwawo mapepala ake ankakulunga soseji, kuno ankakolezera mbaula ya phala.

M'chaka chachinayi, m'mawa wina, chimfine chinamutseka pakhosi, mawu osatuluka. Njala itamuwawa, anatenga vayolini n'kukhwekhwereza kachidutswa kakafupi. Mayi Lamiat, osacheuka n'komwe, anaswa dzira m'mbale n'kuwazapo tsabola wambiri. Kenako dzanja lawo linaima m'malere.

"Ndani wanena kuti dzira ndi tsabola wambiri?"

Alwin analoza vayolini. Mayi uja anakhala pansi m'bwatomo, kumuyang'ana modabwa. Kenako anaitana ngalande yonse kuti idzamve. Vayolini inapereka moni kwa wogulitsa makala, iye n'kuyankha. Inafunsa mayi wina ngati amuna ake abwerako, mayiyo n'kuitukwana. Anthu anaseka mpaka misozi, koma kuseka kwa tsiku limenelo kunali kwina.

Mbiri ya vayolini yolankhula inafala. Makolo anayamba kubweretsa ana, amonke a pakachisi wapafupi anamubwereka khonde lophunzitsirapo. Kalasi iliyonse yatsopano ankaiyamba mofanana. Ankawauza kuti dzina lake ndi Aphunzitsi Galu, n'kuwafotokozera yekha mmene analipezera, osabisa kanthu. Akatero ankawapatsa lamulo lodabwitsa kwa mwana wa kuno: mphunzitsi akalakwitsa, mumuuze. Womwetulira osanena kanthu ndiye ankapatsidwa chilango chosesa khonde.

Mbiriyo inafika kwa Mayi Sangwan, amene tsopano anali okalamba, ndipo anatuma uthenga kuti akufuna amuone. Alwin anavula nsapato pakhomo n'kulowa chokwawa ndi mawondo monga mwa ulemu wake. Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamuuza kuti anene liwu lija. Analinena losalala, losakwera, losatsika. Anamuuza kuti anene linalo, la galu lija. Analinena molikweza.

"Eya, limenelo ndiye langa," anatero Mayi Sangwan, mapewa akugwedezeka. "Tsiku lija ndinaseka m'ngolo mpaka kufika kunyumba. Koma munthu ngati ine saseka pagulu, mwana wanga."

Anamubwezera pa sukulu ija. Alwin anapempha chinthu chimodzi: kuti nyimbo iliyonse isanaimbidwe pagulu, Mayi Lamiat azidzaimva kaye. Choncho wogulitsa phala wosadziwa kulemba dzina lake ankakhala pampando wakutsogolo m'sukulu ya ana a mabwana, akapukusa mutu nyimbo n'kufera pomwepo.

Zinadutsa zaka zabwino. Alwin anaphunzitsa ana mazanamazana, ena anadzakhala aphunzitsi a nyimbo m'zigawo, ena oimba m'mabandi. Anapeka nyimbo za sukulu, za maukwati, za kwaya, ndipo zinkaimbidwa. Koma mumtima ankadziwa kuti si zimenezo. Mwana wa sukulu amaimba chilichonse mphunzitsi akakweza dzanja. Chimene anachokera nacho ku Jeremani chinali chisanachitike.

M'chaka cha 1917 anapeka kanyimbo kakang'ono ka mkazi woitana mwamuna wake kumtsinje: "Bwera, bwera, bwera, madzi atembenuka, bwato likudziwa kwawo." Kaliwu kamene kanamugwetsa kale kaja anakaika koyambirira, katatu, pa noti imodzimodzi yosasuntha. Aphunzitsi ake a ku Jeremani akanamukwapula nayo ndodo, poti nyimbo yotere ngakhale mwana angapeke. Mayi Lamiat ataimva sanapukuse mutu, sanayamikenso. Anangotembenuka n'kumasonkhezera mbaula yomwe inali ikuyaka kale.

Anaiphunzitsa kalasi imodzi, tsiku limodzi, Loweruka. Mawa lake m'mamawa dziko lathu linalowa nawo nkhondo yaikulu ya dziko lonse, molimbana ndi Jeremani, ndipo Ajeremani onse anagwidwa. Wapolisi amene anabwera kudzamutenga anali kholo la mmodzi wa ophunzira ake, ndipo anamunyamulira yekha vayolini, maso ali pansi. Anawasunga miyezi ingapo, kenako anawakweza sitima kupita ku msasa wa akaidi ku India. Nkhondo itatha anawatumiza ku Jeremani.

Kwawo anakapeza njala ndi manda a abale. Anapeza kantchito kophunzitsa, koma anthu ankamudabwa, ati amalankhula Chijeremani ngati akuimba. Ali komweko analandira kalata imodzi yokha, imene Mayi Lamiat analembetsa kwa mlembi wa pamsika. Inali yachidule ngati mwini wake akakwiya: Mayi Sangwan anamwalira, sukulu inalemba mphunzitsi wina, ndipo bokosi la mapepala anu chiswe chadya, sichinasiye ndi tsamba limodzi lomwe.

Alwin analira. Ntchito ya zaka khumi ndi chimodzi inali m'mimba mwa chiswe, ndipo nyimbo yake yabwino koposa inaimbidwa kamodzi kokha, ngati zonse zakale zija. Aliyense akanamumvetsa akanati basi, zakwana. Koma Ajeremani atangololedwa kubwereranso, iye anakwera sitima, ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, imvi mbuu, vayolini yomweija m'khwapa. Anati ngati n'kuyambiranso, akayambira pa nkhafi.

Sitima inakocheza masana, mu 1925. Panalibe womuchingamira, poti sanauze munthu. Anatsika pang'onopang'ono, akuzemba onyamula matumba a mpunga amene ankakwera ndi kutsika pa thabwa, ali mumzere, thukuta kamukamu. Ankaimba kuti mapazi agwirizane. Alwin anayenda mapazi angapo, n'kuima.

"Bwera, bwera, bwera, madzi atembenuka..."

Manotsi atatu ofanana. Anali ataifulumiza pang'ono kuti igwirizane ndi thumba lapamsana, anali atawonjezera ndime ina yonena za apongozi ovuta imene iye sanalembe, koma inali yomweija. Amuna makumi atatu, ndipo panalibe wokweza dzanja patsogolo pawo.

Anayandikira bambo wina amene ankapumula pamthunzi, namufunsa mwaulemu kuti nyimboyi anapeka ndani. Bamboyo anadabwa kumva mzungu akulankhula ngati wobadwira m'ngalande, komabe anamuyankha momuchepetsa.

"Kupeka? Iyi sapeka, bwana. Ndi yakalekale, ya makolo. Mayi anga ankaimba ndili kumsana. Mzungu simungaimve kukoma kwake."

Bambo ameneyo anali wa zaka zosachepera makumi anayi, ndipo nyimboyo inali ya zaka zisanu ndi zitatu. Alwin anatsegula pakamwa kuti amukonze, n'kutsekanso. Anagwirizanitsa manja pachifuwa, nathokoza bamboyo ngati wathokoza mfumu. Anakhala pa thumba la mpunga, chipewa chili m'manja, n'kumvetsera mpaka matumba onse anatha. Ankanena pambuyo pake kuti m'moyo wake wonse sananyadepo ngati masana amenewo.

Atachoka padoko analunjika ku masitepe aja a kuseri kwa msika wa nsomba. Kabwato kanali pomwepo, mbaula ikufuka, mwini wake atachepa thupi, tsitsi litayera. Ndi iwo amene anaiimba nyimbo ija m'ngalande m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zitatu, poitanira phala, mpaka mtsinje wonse unaitola. Koma zimenezo Alwin anakazimva kwa ena, eni ake sanazinene.

Mayi Lamiat anakweza maso, namuona. Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa. Kenako ananena kaliwu kaja mokayambira pansi n'kukakweza mwadala mpaka kudenga, kuti ngalande yonse imve kuti galu wabwerera. Alwin anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Mayi uja anasendeza mphika, napukuta thabwa lokhalapo ndi nsalu yawo, nakanenanso kachiwiri, chapansipansi, kosalala: bwera.

Alwin anatsika, natola nkhafi.

Anaphunzitsa zaka zina khumi ndi zisanu, ndipo anagona muno, m'dothi lathu. Nyimbo zimene chiswe chinadya anazitola m'kamwa mwa ophunzira ake akale, imodziimodzi. Ya kumtsinje ija sanailembenso, ndipo sanalole kuti dzina lake liikidwepo. Mukadzamva mayi akuiimba potonthoza mwana, mufunseni mwini wake. Adzakuuzani kuti ndi ya makolo.

Inu amene akupatsani dzina lachipongwe, musathawe nalo usiku ngati mwaba. Funsani chimene mwalakwa, ndipo amene angakuuzeni zoona, ngakhale atakhala wogulitsa phala, mugwireni ndi manja awiri. Ng'ambani pepala, muyambirenso. Munthu uyu anagwa ndi kaliwu ka zilembo ziwiri, ndipo anadzuka ndi kaliwu komweko. Sitima ya Lachisanu ilekeni ipite. Osataya mtima, tolani nkhafi.